Swichi Yamitala

Mnyamatayu anatsika minibasi pa Linthipe atanyamula chikwama cha zovala, paketi ya shuga ya agogo ake, ndi kabokosi ka machesi komwe sanalole aliyense kukakhudza. Anali atangomaliza chaka chachiwiri cha zamagetsi ku Soche Technical College, ndipo amene analerapo mwana wa chaka chachiwiri akuwadziwa matenda ake: chilichonse chimene wachipeza pamudzi chimamuonekera chowonongeka. M'mawa mwake anapeza agogo ake aakazi pakhonde akuswa mtedza. Gogoyu amamuitana mnyamatayu kuti "amuna anga" chibadwire, monga achitira agogo ndi adzukulu awo, koma mtima ukakwera ulemu wonsewo umathawa, pamatsala "iwe" yekha.

Agogo: Amuna anga, m'kabokosimo mwabisamo chiyani? Chifikire dzulo simunakaike pansi. Ngati ndi mankhwala achikondi mwangotaya ndalama, ine ndinakukondani kale.

Mdzukulu: Muli ntchito, Agogo. Usiku ndinapita kuseri, ndipo ndinangotsala pang'ono kuwalowerera amalume ali m'kati.

Agogo: Sanatsokomole?

Mdzukulu: Anatsokomola ndili kale pakhomo.

Agogo: Ndiye mlandu ndi wa mapazi ako. Wopita kuchimbudzi sanyang'ama ngati wakuba nkhuku. Amakhwekhwereza patapata, amang'ung'udza kanyimbo ka kwaya, wam'kati n'kumva, n'kutsokomola. Iwe unapita ndi nsapato zako zam'tauni zopanda mawuzo. Umafuna amalume ako alote?

Mdzukulu: Zotsokomolazo n'zachikale, Agogo. Ndikufuna kuika nyali ziwiri pakhoma. Yobiriwira ikayaka ndiye kuti mulibe munthu, yofiira ikayaka muli munthu. Monga maloboti a m'tauni.

Agogo: Padzaimanso wapolisi wapamsewu? Wolowa itafiira azilipira zingati?

Mnyamata sanayankhe. Anakhuthulira kabokosi kaja m'lichero, pambali pa mtedza: tinthu tagalasi tofiira ndi tobiriwira, chilichonse ndi miyendo iwiri yawaya, tina tamizeremizere, kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, ndi kanthu kakuda kokhala ndi kamkono kachitsulo.

Agogo: Timeneti ndiye nyalizo? Iyi ndi mikanda, mwanawe. Ndipo zoti wofiira atanthauze "usalowe" usaganize kuti zinayambira kusukulu kwanu. Anamkungwi anatiphunzitsa za mkanda wofiira ndi woyera amako asanabadwe, popanda batire.

Mdzukulu: Mkanda wofiirawo umatanthauza chiyani?

Agogo: Ukadzakwatira akazi ako adzakuonetsa. Pitiriza za chimbudzi.

Mdzukulu: Dzina lake ndi LED. Mulibe kawaya kotentha ngati m'babu lakale lija. Muli kachidutswa kochepa ngati kamchenga, kamene kamawala magetsi akamadutsa. Yofiira yoyamba anaipanga Nick Holonyak ku General Electric, ku America, mu 1962.

Agogo: 1962! Chaka chimene ndinalowa m'banja, chitaganya chisanathe. Ukuti chifuwa n'chachikale, pamene kanthu kako n'kamsinkhu umodzi ndi ukwati wanga?

Mdzukulu: Zinasintha kwambiri kuchokera pamenepo. Ya buluu ndi imene inavuta zaka zambiri. Anaitha ndi anthu atatu a ku Japan, Akasaki, Amano ndi Nakamura, ndipo anawapatsa mphoto ya Nobel mu 2014. Tochi yanu yoyera ija m'kati mwake ndi ya buluu, anangoipaka mankhwala achikasu pamwamba.

Agogo: Amuna atatu, kanyali kamodzi. Kuno amuna atatu amafolera nyumba yonse dzuwa lisanapendeke, mphoto yake n'chipanda cha thobwa. Tabweretsa ndione. Iii, anakuba! Anakugulitsa kolumala. Mwendo wina wautali, wina waufupi.

Mdzukulu: Amapanga dala choncho. Wautaliwo umapita ku mbali ya batire yolembedwa kamtanda, waufupiwo ku mbali ya kamzere. LED imalola magetsi kudutsa njira imodzi yokha. Gwirani kabatire aka, n'ka mavolti 3. Kalowetseni pakati pa miyendoyo, wautali ukhale kokhala zolemba, mutsine.

Agogo anatsina ndi zala zakuda ndi fodya wamphuno. Kanyali kanayaka psuu, chikhadabo chonse n'kufiira. Anakaponya m'lichero, n'kupukuta zala pachitenje, kenako n'kukatolanso msanga kuopa kuti mnyamata angaone ngati achita mantha.

Agogo: Sikotentha.

Mdzukulu: Tembenuzani kabatireko.

Agogo: Kafa.

Mdzukulu: Sikanafe, kakukana. Bwezerani mmene kanalili. Mwaona?

Agogo: Kamakani ngati amako. Nanga ngati kakuyaka chonchi ndi kabatire kosakwana n'komwe kugulira mchere, ukakaika pa batire langa la sola lija sikawala mpaka ku Dedza?

Mdzukulu: Kapsa nthawi yomweyo. Batire lanu ndi la mavolti 12, kameneka kamangofuna 2.

Agogo: Ine zongouzidwa ayi. Safunsa anadya phula, koma wofunsa n'kungokhulupirira anadyanso phula lomwelo. Tiye ukandionetse.

Analowa m'nyumba, pakona pamene pamakhala batire la sola pamodzi ndi wailesi. Mnyamata anasankha kofiira kamodzi, nkhope ili ngati akupereka mbuzi yake yomwe kumaliro, n'kukhudzitsa miyendo yake pa timitu ta batire. Kanangoti ng'ani, kenako thu! M'nyumba munamveka kafungo ka pulasitiki wopserera.

Agogo: Chauta! Kafa ndi kukhuta.

Mdzukulu: N'chifukwa chake pamafunika aka kamizeremizereka. Ndi resistor. Ntchito yake n'kuchepetsa magetsi oyenda m'waya kuti nyali ilandire muyeso wake. Kuti mudziwe kukula kwake pali lamulo la Georg Ohm, mphunzitsi wa ku Germany amene analilemba mu 1827. Mumatenga mavolti a batire, n'kuchotsapo a nyali. Dikirani nditsegule foni.

Agogo: 12 kuchotsa 2 mpaka foni? Yatsala 10. Ine ndakhala ndikugulitsa mtedza pamsika zaka zonsezi, chenji sindinafunsepo kwa foni.

Mdzukulu: Chabwino, 10. Tsono ndikufuna kuti m'nyalimo muziyenda ma milliamp 10, ndiye kuti magawo 10 mwa magawo 1,000 a ampu imodzi. Mukagawa 10 ndi 0.01 mupeza ma ohm 1,000. Mizere iyi ndiyo ikunena nambalayo: wabulauni ndi 1, wakuda ndi 0, wofiira ukutanthauza kuti muwonjezere maziro awiri. Wagolideyu akungonena kuti kakhoza kuphonya pang'ono.

Agogo: Taima kaye pamenepo. Pa mavolti 12 aja, nyali ikudya angati?

Mdzukulu: Awiri.

Agogo: Kamizeremizereka?

Mdzukulu: Khumi.

Agogo: Kakuwala?

Mdzukulu: Ayi, kamangofunda pang'ono. Mphamvuyo imasanduka kutentha, koma ndi yochepa kwambiri, gawo limodzi mwa magawo 10 a watt.

Agogo: Wogwira ntchito adye awiri, wongoima pambali atavala mizere adye khumi. Ameneyu ndamudziwa, ndi kapitawo wa ku esiteti ya fodya. Usandiuzenso dzina lachizungu.

Apa mnyamata anafuna kutsutsa koma analibe potsutsira, pakuti masamu anali kumbali ya agogo: pa magawo asanu ndi limodzi a mphamvu yochoka m'batire, asanu amathera mwa kapitawoyo. Zimenezi kusukulu amazidziwa, kungoti sazinena mokweza chonchi. Anabwerera pakhonde, iye n'kutola kanthu kakuda kaja.

Mdzukulu: Mwini nkhani ndi uyu, swichi. Onani miyendo yake, ndi itatu. Uwu wolembedwa C ndi umene umalandira magetsi kuchokera ku batire. Uwu wa NC ukupita ku nyali yobiriwira, uwu wa NO ku yofiira. M'katimu muli kachitsulo kochokera pa C. Kamakhudza uku kapena uko, koma konse kuwiri nthawi imodzi ayi.

Agogo: Bwereza.

Mdzukulu: C akakhala ndi NC, kwa NO kuli mdima. Akapita kwa NO, kwa NC kuli mdima.

Agogo: Mwanawe, wayenda ulendo wonse wa ku Blantyre, fizi tikugulitsira mbuzi, kukaphunzira mitala?

Mdzukulu: Si mitala, Agogo, ndi swichi ya njira ziwiri.

Agogo: Malemu agogo ako aamuna analinso a njira ziwiri. Ina inkabwera pano, ina inkatsikira kutsidya kwa dambo. Akagona kuno, uko nyali yazima. Akagona uko, kuno ine ndi ana tili mumdima, ndipo mafuta a nyali omwe anali atapita nawo. C ameneyu ndinakhala naye zaka makumi anayi. Ukufuna kundiphunzitsa za iye?

Mdzukulu: Ine ndikunena za kachitsulo.

Agogo: Iwonso mtima wawo unali kachitsulo. Tandiuza, akapanda kumukhudza munthu, C wakoyu amagona kuti?

Mdzukulu: Kwa NC. M'katimu muli kasipuling'i kamene kamamubwezera kumeneko. Amapita kwa NO pokhapokha china chake chikakankha kamkono aka. Tamverani, kakuti tcha. Ndikasiya, tcha, wabwerera.

Agogo: Eya. NC ndi nyumba yaikulu, ndine. Munthu akakhala ndi nzeru zake amagona kwa mkazi wamkulu. Kwa wamng'ono amapita chifukwa chokankhidwa. Ndipo wokankhayo ndinkamudziwa, anali mlongo wawo, mlamu wanga yemwe uja ankabwera kudzandipempha mchere akuseka.

Mdzukulu: Pano wokankha akhala loko wa chitseko. Munthu akalowa n'kukoka loko, lokoyo akankha kamkono, yobiriwira izima, yofiira iyaka.

Agogo: Pochoka uku kupita uko amatenga nthawi yaitali bwanji?

Mdzukulu: Kosakwana kuphethira kwa diso. Amayamba wasiya uku asanakhudze uko, ndiye pali kamphindi kochepetsetsa kamene sali kulikonse, koma maso sangakaone.

Agogo: Kamphindi kameneko kwa agogo ako kankatha masiku awiri. Ine ndikuti ali kutsidya, wakutsidya akuti ali kuno, eni ake ali pakati, kumowa.

Mdzukulu: Ziliponso swichi zotero, zokhala ndi malo achitatu pakati pomwe zonse zimazima. Koma ine sindinagule yoteroyo.

Agogo: Unachita bwino, imeneyo njowononga ndalama. Tsono kapitawo uja ali mmodzi, nyumba zili ziwiri. Wina umusiya wopanda?

Mdzukulu: Mmodzi akwana. Miyendo ifupiifupi ya nyali zonse ziwiri ndiimanga pamodzi, n'kuilumikiza ku resistor, resistor n'kubwerera ku batire. Popeza nthawi iliyonse ikuyaka ndi imodzi, azitumikira imene yayakayo.

Agogo: Nanga tsiku lina zitayakira pamodzi, mbale n'kukhala imodzi?

Mdzukulu: Pa swichi iyi sizingachitike. Koma mukazilumikiza dala choncho, yofiira imayamba kuyaka pa mavolti ochepa kuposa yobiriwira, ndiye imakoka magetsi ambiri, yobiriwira n'kutsala ikungonyezimira.

Agogo: Ndinadziwa! Ndinadziwa ine! Wofiirayo ndi yemwe uja. Tsiku la maliro a apongozi anatiikira mbale imodzi ya nyama, ine ndikuti ndiyambe ndalira kaye, pocheuka mwatsala msuzi. Mpaka azungu anamulemba m'mabuku?

Mdzukulu: Agogo, munthuyo anamwalira kalekale.

Agogo: Mulungu ause mzimu wake mumtendere, kutsidya komweko. Ine chimene ndikukana n'chimodzi. Mapanga awiri avumbwitsa. Ika nyali imodzi, yofiira. Ikayaka muli munthu, ikazima mulibe. Yachiwiriyo njachiyani? Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Funso limeneli linamusangalatsa mnyamata kuposa onse, chifukwa yankho lake ankalidziwa bwino, ndipo ndi yankho labwinodi. Anakhala tsonga.

Mdzukulu: Nyali ikakhala imodzi, mdima umanena zinthu ziwiri. Mwina mulibe munthu, mwina waya waduka munthu ali m'kati. Simungasiyanitse. Zikakhala ziwiri, nthawi zonse payenera kuyaka imodzi. Yobiriwira ikamayaka ikukuuzani kuti mulibe munthu, komanso kuti chipangizo chili moyo.

Agogo: Hmm. Pamenepo wayankhula ngati munthu. Ndiye iziyaka usana ndi usiku? Wailesi yanga idya chiyani? Ine uthenga wa maliro sindiphonya.

Mdzukulu: Ma milliamp 10 kwa maola 24 ndi 0.24 ya ampu-awa patsiku. Batire lanu analemba 50. Ngakhale masana sola ikamatchaja, batire n'kukwera kufika mavolti 14, m'nyalimo muziyenda ma milliamp 12 okha, pamene malire ake ndi 20. Ndiikanso fyuzi ya ampu imodzi pafupi ndi batire, kuti mawaya akagundana ipse fyuziyo, osati denga.

Agogo: Nanga zikazima zonse?

Mdzukulu: Ndiye kuti china chalakwika. Batire latha, fyuzi yapsa, kapena waya waduka.

Agogo: Chabwino. Munthu wadya mango osapsa, m'mimba mukulira ng'oma, wafika pakhomo, nyali zonse zili zii. Atani?

Mdzukulu: Afunse ngati muli munthu.

Agogo: Wam'kati ayankhe bwanji? Atchule dzina ndi mfunda womwe, mkamwini ali panja?

Mdzukulu: Akhoza... akhoza kutsokomola.

Agogo: Kweza mawu, amuna anga, khutu ili linagontha.

Mdzukulu: Ndati akhoza kutsokomola!

Agogo: Zachikale zija? Ayi, tisabwerere m'mbuyo. Aime pomwepo, tiitane wa zamagetsi kuchokera ku Blantyre.

Anaseka mpaka misozi, n'kupukuta ndi nsonga ya chitenje. Kenako anatola ndodo yawo n'kunena kuti apite akaone pomwe pakhale maloboti. Chimbudzi cha pamudzipo n'chosachititsa manyazi: chazidina, chofolera bwino, pansi pozira, chivundikiro pa dzenje, mpondagiya ndi kasopo panja. Mnyamata anafika ndi pepala lake lojambula bwino ndi rula, swichi ili m'manja, n'kuima. Pakhomo panali thumba la feteleza lotumbula, lokoleka pa misomali iwiri, likuuluzika ndi mphepo.

Mdzukulu: Chitseko chili kuti?

Agogo: Chitseko chanji?

Mdzukulu: Chamalata chija, chokhala ndi loko.

Agogo: Chinapita ndi chimbudzi chakale, mvula ya chaka chatha. Lata lake tinafolera khitchini. Usiku sunaone?

Mdzukulu: Kunali mdima. Ndimayesa n'chotsegula.

Agogo: Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Iwe wamuposa, wabwera ndi loko wa khomo lopanda chitseko. Kapena C wakoyo azikankhidwa ndi thumba la feteleza?

Mdzukulu: Ndikhoma chitseko china. Matabwa ndigula.

Agogo: Khoma, chitseko sindingachikane. Koma nyali ayi. Taima apa, uyang'ane uko. Ukuona chiyani?

Mdzukulu: Njira ya kumjigo.

Agogo: Mudzi wonse umadutsa apo ndi zidebe. Ine ndilowe, chofiira chiyake. Apite kumjigo, akaime pamzere, atunge, abwerere, chikadali chofiira. Madzulo nkhani ili pa mtondo uliwonse: gogo uja m'mimba simuli bwino, ayambe kuitana ana. Chikangobiriwira, maso onse pakhomo kuona wotuluka. Chifuwa chimamveka kwa amene wayandikira yekha, ndipo chimanena zambiri kuposa nyali yako. Amalume ako akatsokomola kamodzi, dikira pomwepo. Akatsokomola kawiri mokoka, pita ukaphike tiyi. Nyali yako ingathe zimenezo?

Mdzukulu: Ingafunike dera lina, lokhala ndi chowerengera nthawi.

Agogo: Usayerekeze.

Mnyamata anapinda pepala lake kanayi n'kuliika m'thumba. Amene anakhalapo mwana wasukulu pakati pa akuluakulu akudziwa mmene khosi limalemerera nthawi ngati imeneyi. Agogo anamuyang'ana m'mbali, n'kuyamba kubwerera pang'onopang'ono, koma osalunjika kukhonde. Anakhotera ku khola la nkhuku, n'kugogoda kachitseko kake ndi ndodo.

Agogo: Ichi n'chiyani?

Mdzukulu: Chitseko.

Agogo: Chathabwa, cha mahinjesi, chokhala ndi kampiringidzo. Mwezi wathawu ana anaiwala kutseka, vumbwe n'kunditengera nkhuku ziwiri ndi tambala yemwe. Kuyambira pamenepo usiku uliwonse ndimadzuka ndi maondo angawa kudzapapasa ngati atseka. Mitala yakoyo singagwire pano?

Mdzukulu: Ingagwire! Swichi ikhala pano pa mphuthu, nyali zikhala pakhonde, pomwe mungazione muli pawindo. Pafunika mawaya atatu kuchoka kunyumba: mmodzi wobweretsa magetsi kwa C, awiri obwerera ku nyali. Magetsi ake ndi ochepa, ndiye ngakhale waya woonda akwana. Ndiwalowetsa m'paipi n'kukwirira, kuopa mbuzi ndi makasu. Agogo, imeneyi ndi nzeru!

Agogo: Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Lero tayamba kuyatsanso.

Ntchito inatenga tsiku lonse. Chowotcherera chake chinali cha magetsi a mavolti 230, omwe pamudzipo palibe, choncho anachita zimene amachita okonza mawailesi pamsika: anatenthetsa chitsulo pa mbaula, n'kumasungunulira mtovu pa mfundo iliyonse, agogo akukupiza makala ndi chivundikiro cha poto uku akulangiza zinthu zimene sanafunsidwe. Nyali ziwiri zija anazilowetsa m'chivundikiro cha botolo la mafuta odzola, n'kuchikhomera pa nsanamira. Dzuwa likulowa nkhuku zinalowa, mwana wina n'kutseka khola. Pakhonde panayaka chofiira.

Agogo: Sanatseke.

Mdzukulu: Watseka, ndaona ndi maso. Dikirani... Aa, ndaona pamene pavuta. Ndalumikiza monga pa pepala la chimbudzi. Kumene kuja chitseko chikatsekedwa timafuna yofiira. Kuno chikatsekedwa tikufuna yobiriwira. Ndingosinthanitsa mawaya awiri, yobiriwira ipite kwa NO, yofiira kwa NC.

Agogo: Uchite chiyani?

Mdzukulu: Ndisinthanitse mawaya.

Agogo: Iwe! Ine wobiriwira, mkazi wamkulu, wa ukwati wa ankhoswe, undisamutsire ku nyumba yokankhidwira? Uja umulowetse m'nyumba yaikulu? Pakhonde panga pomwe, ndi batire langa?

Mdzukulu: Ndi mawaya chabe, Agogo.

Agogo: Nawonso ankatero, ati ndi kukaona munda chabe.

Mdzukulu: Tamverani. Chitseko chikakhala chotsegula, palibe chokankha kamkono, C amakhala kwa NC. Pamenepo m'pamene nkhuku zili pangozi, ndiye payenera kuyaka yofiira. Chikatsekedwa chimakankha kamkono, C amapita kwa NO, ndipo pamenepo m'pamene pali mtendere. Mukakana, ndiye muzikumbukira kuti yofiira ikutanthauza kuti zonse zili bwino.

Agogo: Uja sanatanthauzepo kuti zonse zili bwino.

Anakhala chete, n'kutapa fodya, n'kukoka mphuno iyi ndi iyi, maso ali pa kanyali kofiira kaja ngati akuyang'ana munthu amene anawabwereka mphika osabweza.

Agogo: Tandilongosolerenso. Chitseko chikakhala pululu, mwamuna womasuka, palibe womugwira, amathamangira kuti?

Mdzukulu: Kwa yofiira.

Agogo: Akamutsekera chitseko, n'kupiringidza?

Mdzukulu: Amakhala kwa yobiriwira, mpaka wina atatsegula.

Agogo: Mmm. Ndiye poyamba paja tinalakwitsa tonse. Izi ndiye zoona zake za munthu uja. Sintha mawayawo.

Anasintha. Chobiriwira chinayaka. Anatuma mwana kukatsegula khola, chofiira, kutseka, chobiriwira, kutsegulanso, mpaka tambala watsopano anayamba kudandaula m'katimo. Amalume anabwera kudzaona, akazi awo, ana a nyumba zoyandikana, ndi mayi wina amene ankangodutsa ndi chidebe. Agogo ndi amene ankafotokoza. Anawaonetsa kapitawo wodya khumi, anawachenjeza za mwendo wautali ndi waufupi, ndipo za C anayamba ndi mawu akuti "enanu munawaona ali moyo". Mnyamata anayesa kuponyapo mawu a Ohm, koma palibe anacheuka.

Mdzukulu: Agogo, mwawauza kuti ine ndachitapo chiyani?

Agogo: Ndawauza kuti unagwira mawaya, ndipo unagwira bwino. Bwera udye, amuna anga, ndakuphera chipsolopsolo. Koma ukabwerera kusukulu ukawauze aphunzitsi ako kuti pepala lija linali ndi zolakwa ziwiri, ndipo anakonza ndi mayi wa Sitandade 2. Satifiketi ikadzatuluka alembepo maina awiri, langa likhale pamwamba.